Tinjere Takuda Kukhutu kwa Bashi Luse

Sitiroko itangowagwetsa amuna anga a Kombe, komboni yathu yonse ya Kanyama, mu Lusaka muno, inasanduka madokotala. Wina akuti adye adyo wosaphika, wina akuti muwasisite ndi mafuta a nsato, wina akuti ku Chawama kuli mneneri amene amayendetsa opuwala Lachisanu lililonse. Onsewo ankanena za mwendo ndi dzanja lamanzere zimene zinafa, poti ndi zimene maso awo ankaona. Chimene chinkatidya m'nyumba palibe ankachiona, chifukwa chinkayamba iwo atabwerera kwawo kukafunda mabulangete. A Kombe anasiya kugona.

Sindikunena zogona pang'ono ayi. Munthu ankakhala chagada maso ali tong'o kudenga kuyambira madzulo mpaka mabasi atayamba kuitanira anthu kumsewu. Mbali imodzi ikawawa ankandigogoda ndi dzanja lamoyo lija kuti ndiwatembenuze. Ndikangoti nditseke maso, gogodo winanso, akufuna madzi. Akamwa madziwo, akufuna chitini. Masana nawonso tulo tinkangowanyambita n'kuthawa. Ine Luyando ndimagulitsa tomato pakhonde, wokaoda kumsika wa Soweto m'mamawa, ndipo ndinayamba kusinza patebulo pomwepo. Tsiku lina ndinadzidzimuka nkhuku za aneba zitaboola tomato theka la tebulo, zikundiyang'ana ngati ndazipatsa ndekha.

Ndinkawakonda amuna anga, koma ndinenetse, masiku ena ndinkalakalaka kuwasiya pabedi pomwepo n'kukagona mumsika pansi pa matumba a kabichi. A Kombe anali owotcherera mageti ndi zitsulo za m'mawindo, munthu wolongolola amene ankatha kuseketsa ngakhale obwera kudzadandaula kuti geti lapindika. Sitiroko inawalanda pakamwa pomwe. Mawu anawatsalira ochepa, ndipo ankatuluka mochita kukoka, moti wofuna kuwamva ankayenera kutseka kaye pakamwa pake n'kudikira. Anthu odziwa kudikira ndi ochepa, ndinazionera pamenepo.

Kuchipatala anatipatsa mapilitsi a bipi n'kundiphunzitsa kuwongola mwendo. Nditadandaula za tulo anatipatsako mapilitsi ogonetsa, koma ankawasiya a Kombe ali dzandidzandi tsiku lonse, mpaka anatsala pang'ono kugwera pambaula. Adokotala anati amenewo tisiye. Ndinafunsa kuti nanga titani, iwo anati tipirire, mwina zisintha. Kupirira ndi mankhwala amene dokotala amalemba mosavuta, poti wokamwa si iyeyo.

Amene anandiuza za dokotala wa ku China ndi Amisa, mnzanga wa tsidya la ngalande amene amasoka mayunifolomu a ana asukulu. Bambo ake, a Nassoro, nawonso sitiroko inawagwirapo. Anandipeza ndikusinza pa tomato paja.

"Bana Luse, mwayonda imwe kuchila odwala," anatero Amisa. "Pelekani ba Kombe kuli uja mukazi wa ku China mu tauni. Amalasa tumasingano. Batate banali so chabe, manje bamagonako."

Luse ndi mwana wathu, anakwatiwa ku Solwezi, ndipo m'Chibemba cha kwa amuna anga ine ndine bana Luse, iwo ndi bashi Luse. Madzulo amenewo ndinakhala pamphepete pa bedi n'kuwafotokozera zonse osabisa kanthu.

"Bashi Luse, ni masingano. Bazakulasani kumutu, kumanja na kumendo. Ngati simufuna, kambani, sitizayenda."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera kufunafuna mawu. Ndinadikira.

"Tiye," anatero. Patapita kanthawi anawonjezera, "Nalema."

Mwambo ndinkaudziwa, ndisaname. Alangizi a kuchimuna anandiuza ndisanalowe m'banja kuti mwamuna ali ndi eni ake. Akadwala, kuchipatala ungathamange naye wekha, koma kwina kulikonse kumene kuli mizu, makungwa kapena zobaya m'thupi, supita naye usanauze abale ake. Mwini wamkulu wa a Kombe ndi mlongo wawo a Kafula a ku Kabwe, amene anabwera kamodzi kuchipatala, analira mokweza, anajambula chithunzi n'kukwera basi ya masana. Foni ndinaigwira ndithu. Koma ndinkadziwa yankho lake: dikirani tikambirane monga banja. Kukambirana kwa banja limenelo kumatenga mwezi, ndipo amene amakambiranawo amagona bwino. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Foni ndinaibwezera m'chitenje.

Inali nthawi ya mvula, ndipo mvula ikagwa mu Kanyama madzi safunsa kuti khomo ndi la ndani. Kuchoka kwathu kukafika pa tala madzi ankalekeza m'mawondo. Ndinachita ganyu munthu wa wilibala, n'kuyalamo katoni ndi bulangete. A Kombe, munthu amene anawotcherera theka la mageti a mumsewu umenewo, anadutsa pamaso pa makasitomala awo atakhala mu wilibala mwendo uli lendelende. Anakokera chipewa kumaso. Ine ndinkayenda pambali m'magambutsi, ndikuyankha moni m'malo mwawo, mtima ukuwira.

Dokotalayo anali mayi wamfupi wa imvi, m'kachipinda konunkha makungwa. Ankalankhula Chingerezi chodukaduka ndipo namwino wakwathu konkuno ndi amene ankatimasulira. Choyamba anafuna kuona mapilitsi a kuchipatala, n'kunena kuti amenewo tisasiye ngakhale tsiku limodzi. Kenako anawauza a Kombe kuti atulutse lilime, analiyang'anitsitsa, n'kuwagwira mitsempha ya pamkono, wamoyo ndi wakufa womwe, maso atatsinzina. Namwino uja anati mayiwo akuti m'thupi mwa bambo moto wakwera kumtunda, madzi achepa kunsi, ndiye mtima ukusowa pokhazikika usiku. Ndinatsala pang'ono kuwauza kuti ngati vuto ndi madzi, abwere ndi ndowa ku Kanyama, koma ndinadzigwira.

Timasingano take tinali tating'ono kuposa ta Amisa tosokera. Anawabaya paliwombo, pakati pa nsidze, pamikono ndi mu akakolo, n'kuwasiya chigonere kwa kanthawi. A Kombe sanabuule n'komwe. Atazula, anawamata kukhutu tinjere takuda, kanjere kalikonse ndi kapulasitala kake, n'kundionetsa kakanikizidwe kake, m'mawa, masana ndi madzulo. Anatipatsanso paketi ya njere zofiirira ndi makungwa zoti ndiziwiritsa, n'kuletsa tiyi wa madzulo. Potuluka ananena poyera kuti ena zimawathandiza, ena ayi, ndipo sizichitika tsiku limodzi.

Ulendo woyamba sunasinthe kanthu. Wachiwiri chimodzimodzi. Ndinkabwerako nditanyowa mpaka m'chiuno, msana ukuphwanya, n'kukhala usiku wonse ndikutembenuza munthu wa timapulasitala kukhutu amene maso ake anali gwa ngati kale. Ndinamupsera mtima Amisa, ndinampsera mtima mayi wa ku China, ndinapsera mtima ngakhale mphika wowiritsira makungwa umene unkanunkhitsa nyumba yonse. Koma ndinapitiriza, chifukwa kusiya kunalibe kolowera. Patapita masabata angapo a Kombe anayamba kubako tulo pang'ono kukamacha. Sitinali tulo toti n'kuuza anthu, komabe kwa ife tinali kanthu.

A Kafula anafika Lachisanu m'mawa osaimba foni. Dzulo lake n'kuti titapitanso kobayitsa. Ine ndinali nditathamangira ku Soweto, a Kombe nditawasiya ndi Amisa, ndipo pobwera ndinapeza Amisa atabwezedwa kwawo, alamu anga atakhala pakhonde nsapato zili m'manja, sosala ili pamiyendo. M'sosalamo munali timapulasitala tonse, tinjere tili pamwamba. Pambali pawo panali mphika wanga wa makungwa, atauvundukula.

"Ivi ni vichani, mulamu?" anafunsa, moni osapereka.

"Ni mankhwala ya tulo. Ba dokota ba ku China ndiye banaika."

"Mankhwala ya tulo yamangiliwa kukwatu? Ine nabadwa kudala. Ivi ni vomanga munthu kuti asamvele ba bululu bake, ise bene bake. Mwamupusisa mulongosi wanga."

Ndinayesa kufotokoza za lilime, mitsempha ndi masingano. Kutchula masingano kunali kuthira palafini pamoto. Analowa kuchipinda n'kuyamba kuwafunsa a Kombe mafunso motsatizana: anakubaya? anakukakamiza? unalira? Milomo ya a Kombe inkayamba kugwedera, koma mawu asanafike a Kafula anali atadziyankha kale n'kufunsa lina. Pomaliza a Kombe anangotembenukira kukhoma misozi ikutsika, ndipo a Kafula anati misoziyo ndi umboni. Anaimbira foni a Chola a ku Matero, amalume awo, ba yama m'Chibemba, kuti mawa lake abwere adzaweruze.

Usiku umenewo a Kombe sanabe tulo ngakhale pang'ono. A Kafula ankaliza mkonono pabalaza mpaka malata kuyankha.

A Chola anafika Loweruka masana, thalauza atapinda, ambulera ili m'manja. Ndi mkulu wofatsa amene anagwira ntchito kunjanji mpaka kupuma, ndipo m'banja lonselo ndi iwo okha amene sindinakanganepo nawo. Anakhala pasofa. A Kafula anakhala pampando sosala ija ataiika patebulo. Ine ndinakhala pabenchi ndi a Kombe, kumanzere kwawo, chifukwa popanda wowatchinjiriza mbali imeneyo amapendekeka.

A Kafula anayamba ndi tsiku limene a Kombe anabadwa. Anafotokoza mmene anawaberekera kumbuyo, mmene anawaphikira ali pasukulu, mmene banja linadabwira atabweretsa mkazi wa Chitonga. Anafika pa sitiroko mvula itayamba kugwa. Nditapatsidwa mpata ndinanena zanga mwachidule: kuti munthuyu sagona, kuti inenso sindigona, kuti tinjereto aliyense angapite mu tauni akatione m'botolo pashelefu. A Chola anamvetsera mutu uli pansi.

"Mayo," anatero kwa ine, monga amaitanira mkazi mwaulemu kwawo, "nkhani si ya ma Chaina. Naine ninamvelako ati bamathandiza. Nkhani ni yakuti munapeleka mwana wathu kukalasiwa, ise bene bake osaziba. Sembe anafela pa bedi paja, sembe munatiuza chani?"



"Manje ni so," anapitiriza a Chola. "Ngati Kombe eka ndiye anakamba ati nipelekeni, mulandu wasila, thupi ni yake. Ngati sanakambe, Kafula azamutenga ku Kabwe. Motoka ya Chrispin ibwela mailo m'mawa. Mwine wake tizamufunsa pa lasiti, na ine nizayembekeza mpaka akambe."

Mtima wanga unakhala pansi. Chrispin ndi mwana wa a Kafula, ndipo zoti galimoto yake yobwera mawa lake anaikonzeratu mlandu usanakambidwe zinandiwawa, koma ndinadziwa kuti a Chola amadziwa kudikira. Mawu amodzi okha, tiye, anali okwanira kundipulumutsa, ndipo mwini wake anali pambali panga.

Koma a Kafula anati asanafunsidwe mlongo wawo, iwo ali ndi zina zoti awonjezere. Anayambiranso. Za fungo la mphika, za Amisa amene si wa mpingo wathu, za wilibala imene anamva kuti inachititsa manyazi banja lonse. Mvula inkagwa mofatsa pamalata, magetsi kunalibe, m'nyumba munali kamdima. Ine ndinkangoyang'ana sosala ija ndikuwerengera mumtima zimene ndikanaichita.

Ndipo ndinamva kulemera paphewa. Poyamba ndinayesa kuti apendekeka monga mwa masiku onse, ndipo ndinafuna kuwawongola. Koma mutu wawo unali utagwera pakhosi panga, wofunda, wolemera. Dzanja lamoyo lija, limene linkakhala lofumbata usana ndi usiku, linali litatambasuka pabondo. Mpweya unkalowa pang'onopang'ono n'kutuluka pang'onopang'ono. Kenako kunamveka kamkonono kakang'ono kamene ndinali ndisanakamve chigwereni sitiroko. A Kombe anali m'tulo, tulo tenitenito.

A Kafula anasiya kulankhula n'kuloza ndi chala.

"Mwaona, ba yama? Nachosa chabe vija vinthu, munthu agona."

Sindikudziwa chimene chinawagonetsa. Kaya ndi masingano a Lachinayi, kaya ndi makungwa a masabata onse aja, kaya thupi linangofika pamapeto, kaya ndi nkhani ya a Kafula imene ingagonetse ngakhale galu wolusa. Chimene ndikudziwa n'chakuti amene ankatsatira wilibala m'matope sanali a Kafula. Ndinafuna kuwayankha, koma sindikanatha kukuwa kapena kudzuka, poti munthu anali paphewa panga.

A Chola anasuzumira panja, n'kuyang'ana kumwamba.

"Manzi yayamba kukwela. Nifunika kufika pa tala kukalibe kufipa. Bautseni, mayo, bakambe, tisilize."

Ndinawayang'ana a Kombe. Pakamwa panali patatseguka pang'ono, dovu likutsikira pabulauzi panga. Makwinya a pachipumi amene ndinkayesa kuti ndi ukalamba anali atafafanizika. Ine ndi amene ndinkadziwa tulo ta munthu ameneyu. Tikaduka sitilumikizika. Chitseko chikangomenyeka kukamacha, basi, tsiku lonse ndi usiku wotsatira zinkapita. Ndipo tulo tozama chonchi tinali tisanabwerepo.

"Ba yama, yembekezani pang'ono. Bazauka beka."

"Ningayembekeze munthu akambe, mayo. Siningayembekeze mvula. Ni liu imozi chabe, bazagona futi."

"Sibazagona futi."

A Kafula anadzuka n'kutambasula dzanja kuti awagwedeze phewa. Ndinawagwira pamkono ndi dzanja langa lamanzere, mwamphamvu ndithu, n'kulankhula motsitsa kuti mawu asadutse m'chifuwa mwanga n'kukamudzutsa munthu.

"Mukabagwila, mulamu, nizakulumani."

Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti ndaswa mbale. Mkazi sagwira mlongo wa mwamuna wake pamaso pa amalume, ndipo sakana mawu a amalume kawiri. A Chola sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anandiyang'ana mwachisoni, n'kutola ambulera yawo.

"Nakupemphani kabili, mwakana kabili. Poyamba simunatiuze, manje mwatikaniza kumufunsa. Ine nilibe mau ya Kombe yonyamula. Kafula, mailo mutenge. Akapolako tizakambilana futi."

"Ba yama, mailo m'mawa bazakamba."

"Mailo nili na malilo ku komboni ya George," anatero ali pakhomo, n'kupinda thalauza n'kulowa m'madzi.

Ndinadziwa tanthauzo lake. Mawa m'mawa a Kombe adzadzuka, adzaona chikwama, milomo idzayamba kugwedera, ndipo sipadzakhala munthu wodikira. A Kafula adzawayankhira, Chrispin adzawanyamula, galimoto idzapita. Ndikanatha kuwakuwira a Chola asanakhote pangalande. Ndikanatha kungogwedeza phewa langa kamodzi kokha, munthu n'kudzuka, n'kunena mawu ake amodzi aja. Ndinakhala chikhalire, misozi ya ukali ikutsikira m'makutu chifukwa ndinapendeketsa mutu kuti isawagwere kumaso.

Dzanja langa lamanja linachita dzanzi mpaka kuphewa. Tomato anali panja pamvula. A Kafula analowa kuchipinda kwathu n'kuyamba kutsitsa sutikesi pamwamba pa wadirobu, kukoka madirowa, kuponya mahang'ala pansi, kumenyetsa chitseko cha kabati uku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. A Kombe anagwedezeka pang'ono, mpweya unaima, ine mtima unaima nawo, kenako anapumanso.

"Ba mulamu," ndinaitana monong'ona.

Anasuzumira pakhomo malaya a amuna anga ali m'manja, nkhope itakonzekera ndewu.

"Longani pang'onopang'ono," ndinatero. "Bagona."